Galu kapena makina: chimateteza wachinyamata n'chiti pa chikondwerero cha nyimbo?

Pakati pa Disembala 2017 ndi Januwale 2019, achinyamata asanu ndi mmodzi anamwalira m'chigawo cha New South Wales ku Australia atapita kukasangalala ku zikondwerero za nyimbo. Wamng'ono pa onsewo anali ndi zaka 18, wamkulu zaka 23. Imeneyi ndi misinkhu ya achimwene ndi achemwali anu amene angomaliza kumene Fomu 4. Onsewo anali atamwa mankhwala ozunguza bongo otchedwa MDMA, amene ena amati ecstasy.

Maliro amenewa anautsa mkangano waukulu m'dzikolo. Ena ankati awonjezere apolisi ndi agalu onunkhiza pa zipata, ndipo aliyense wokayikitsa azichitidwa chipikisheni. Ena ankati pakhale tenti ya akatswiri a kemisitiri ndi madokotala, momwe munthu angapititse m'bulu wake kuti awuyeze, amuuze zimene zili m'katimo popanda kumumanga.

Ine ndili kumbali ya tentiyo, ndipo ndifotokoza chifukwa chake ndi fizikisi yomwe timaphunzira m'kalasi. Koma timvane kaye bwinobwino. Palibe m'bulu wa MDMA umene uli wabwino kumwa, ndipo palibe makina padziko pano amene angakuuzeni choncho. Funso langa ndi lina. Munthu akakhala kuti wafika kale pa chikondwerero ali ndi m'bulu m'thumba, tichite chiyani kuti mawa lake adzuke wamoyo, komanso kuti amene alibe kanthu m'thumba asachititsidwe manyazi pachabe? Galu ndi chida choyezera. Makina nawonso ndi chida choyezera. Mu labu, chida timachiweruza poona zotsatira zake. Tiyeni tichite chimodzimodzi apa.

Zimene zimachitika m'tenti

Ku Australia zimenezi anaziyesa koyamba mu Epulo 2018 mumzinda wa Canberra, pa chikondwerero chotchedwa Groovin the Moo. Boma la deralo linavomereza, apolisi anagwirizana nazo kuti sazidikirira anthu pakhomo la tentiyo, ndipo mmodzi mwa otsogolera ntchitoyi anali Dr David Caldicott, dokotala wa odwala mwakayakaya.

Munthu akalowa, amapereka m'bulu kapena ufa wake. Katswiri amapala kachidutswa kakang'ono ngati mutu wa machesi n'kuika pa makina. Pasanathe mphindi zingapo zotsatira zimatuluka. Kenako munthuyo amakhala pansi ndi wazaumoyo, n'kukambirana. Wapezeka ndi chiyani? Wamwa kale china chilichonse lero? Amamwa mankhwala a kuchipatala? Akudziwa zizindikiro zoopsa? Aliyense amauzidwa kuti njira yokhayo yopewera ngozi ndi kusamwa. Pafupi ndi khomo pamakhala bini yotsekedwa, momwe angataye zimene wabweretsa popanda kufunsidwa dzina.

Mmene makina amaonera m'kati mwa m'bulu

Nkhani ya makinawa inayamba mu 1800. William Herschel anadutsitsa kuwala kwa dzuwa mu prism, kunagawika mitundu ya utawaleza, iye n'kumaika themometa pa mtundu uliwonse. Ataika themometa kupitirira pofiira, pamalo pomwe maso saonapo kuwala kulikonse, kutentha kunakwera. Apo ndi pomwe anatulukira infrared, kuwala komwe mafunde ake ndi atali kuposa omwe diso lathu limatha kuona. Mukayandikira mbaula usiku, chimene mumamva pankhope ndi chimenechi.

Tsopano ganizirani molekyu. M'buku timaijambula ngati timipira tolumikizidwa ndi timitengo, koma zoona zake n'zakuti ma atomu sakhala phee. Malumikizidwe awo ali ngati timasipuling'i. Amatamuka, amafupika, amapindika, ndipo lumikizo lililonse lili ndi frequency yakeyake, kutengera kulemera kwa ma atomu ndi kulimba kwa lumikizolo. N'chimodzimodzi zingwe za gitala: chonenepa chimalira mobangula, chowonda ndi chokungika chimalira mosongoka.

Mukukumbukira resonance? Mnzanu ali pa katungwe, mukamamukankha pa nthawi yake yeniyeni, amapita m'mwamba chifukwa mphamvu yanu ikulowa mu katungweyo. Mukamakankha mwachisawawa, palibe chimachitika. Molekyu nayonso imamwa infrared yokhayo imene frequency yake ikufanana ndi kanjenjemeredwe kake. Ina yonse imangodutsa.

Makina a m'tenti amatchedwa FTIR spectrometer. Kaufa kaja amakapanikiza pa kamwala ka daimondi. Infrared imalowa m'daimondimo, imakhudza ufawo, n'kubwerera ku chida chowerenga. Kompyuta imaona ma frequency amene asowa, n'kujambula girafu yokhala ndi mapiri ndi zigwa. Girafu imeneyi ndi spectrum, ndipo ili ngati chidindo cha chala. Ya shuga ndi yosiyana ndi ya panado, ya panado ndi yosiyana ndi ya MDMA. Kompyutayo imayerekeza chidindocho ndi masauzande a zidindo zomwe inasunga kale, n'kunena chimene chikufanana nacho kwambiri. Palibe matsenga apa. Ndi mafunde ndi resonance basi.

Zimene apeza

Ku Canberra mu 2018 anayeza zinthu 85. Chaka chotsatira anayeza 171, ndipo 7 mwa izo zinali ndi mankhwala otchedwa N-ethylpentylone, amene amagulitsidwa mwachinyengo ngati MDMA koma amachititsa munthu kusagona kwa nthawi yaitali, kusokonekera mutu, ndipo anaphapo anthu. Pafupifupi onse amene anauzidwa zimenezi anataya okha mu bini muja.

Ku England, bungwe la The Loop, lomwe mmodzi mwa oliyambitsa ndi Pulofesa Fiona Measham, linayamba ntchito yotereyi mu 2016 pa chikondwerero cha Secret Garden Party. Chinthu chimodzi mwa zisanu zilizonse zomwe anayeza sichinali chimene wogula anauzidwa. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Wogulitsa mobisa alibe fakitale yoyenderedwa ndi boma, alibe lebulo, ndipo simungakamusumire kulikonse.

Chitsanzo chimene chimandikhutiritsa kwambiri ndi cha ku Netherlands, komwe akhala ndi dongosolo loyeza mankhwalawa m'dziko lonse kuyambira 1992. Mu Disembala 2014 anapeza mibulu ya pinki yodindidwa chizindikiro cha Superman ili ndi PMMA wambiri. PMMA ndi woipa chifukwa amachedwa kuyamba kugwira ntchito. Munthu amaganiza kuti m'buluwo ndi wofooka, amamwa wina, kenako zonse zimamugwera nthawi imodzi. Akuluakulu a zaumoyo ku Netherlands anachenjeza dziko lonse pa TV ndi pa intaneti. Patangopita masiku ochepa, mibulu ya mtundu womwewo inapha amuna anayi ku England, komwe kunalibe chenjezo lotero. Onani kuti chenjezo la ku Netherlands linafikira ngakhale anthu omwe sanapititse kanthu kukayezetsa. Muyezo umodzi unathandiza khamu.

Pomwe makina amalephera

Ndikanakhala kuti ndikugulitsa makinawa, ndikanathera pomwepa. Koma m'kalasi timati muyezo uliwonse uli ndi malire ake, ndipo wophunzira amene salemba malirewo amataya malikisi.

Choyamba, FTIR imavutika kuona chinthu chimene chili chochepa kwambiri mu chisakanizo. Chikakhala chochepera pafupifupi magawo 5 pa 100, chidindo chake chimabisika pansi pa zidindo zazikulu. Tiyeni tiwerengetse. Tiyerekeze kuti m'bulu ukulemera mamiligalamu 300. Magawo 5 pa 100 a 300 ndi mamiligalamu 15. Koma pali mankhwala ena, monga fentanyl, omwe mamiligalamu 2 okha akhoza kupha munthu. Mamiligalamu 2 mu 300 sakufika n'komwe gawo limodzi pa 100. Ndiye kuti makina akhoza kukhala chete pamene chakupha chili momwemo. N'chifukwa chake malo abwino oyezera amagwiritsanso ntchito timapepala tapadera toyezera fentanyl ndi makina ena amphamvu kuposa awa.

Chachiwiri, kachidutswa si m'bulu wonse. Mukathira mchere m'ndiwo osatakasa, wolawa kumbali ino anena kuti mulibe mchere, wolawa kumbali inayo alavula. Mibulu yopangidwa mobisa sisakanizidwa bwino. Kumene apalako kungakhale kosiyana ndi kumene kwatsala, ndipo mibulu iwiri yofanana mtundu ndi chidindo ingakhale ndi zosiyana m'kati.

Chachitatu, makina a FTIR amadziwa bwino kunena kuti muli chiyani kusiyana ndi kunena kuti muli chochuluka bwanji. Koma kuchuluka kumapha.

Chachinayi, makina sayeza munthu. Sadziwa kulemera kwake, mtima wake, chiwindi chake, mowa umene wamwa kale kapena kutentha kwa tsikulo. Ndipo apa ndi pomwe otsutsa ali ndi mfundo yamphamvu. Achinyamata asanu ndi mmodzi aja sanaphedwe ndi poizoni wobisika. Chinawapha ndi MDMA yeniyeniyo. Makina akanati awayezere, akanangonena kuti ndi MDMA. Nanga tentiyo ikanawathandiza chiyani? Kuti tiyankhe, tibwerere ku mutu wa kutentha.

Thupi ngati ketulo

Tengani cholembera. Specific heat capacity ya thupi la munthu ndi pafupifupi majoule 3,500 pa kilogalamu pa digiri imodzi. Mtsikana wolemera makilogalamu 60 amafuna 60 kuchulukitsa ndi 3,500, omwe ndi majoule 210,000, kuti thupi lake litenthe ndi digiri imodzi.

Munthu atangokhala pansi amatulutsa kutentha pafupifupi ma watt 100. Akamavina mwamphamvu amatulutsa kangapo kuposa pamenepo. Tingoyerekeza kuti pa kutentha konse komwe akupanga, ma watt 300 akulephera kutuluka m'thupi. Watt imodzi ndi joule imodzi pa sekondi. Gawani 210,000 ndi 300, mupeza masekondi 700, kapena kuti mphindi pafupifupi 12 pa digiri iliyonse. Kuchoka pa madigiri 37 kufika pa 41 ndi mphindi zosakwana 50. Pa madigiri amenewo minofu imayamba kuwonongeka, impso ndi chiwindi zimafooka, magazi amasiya kuundana bwino.

Nthawi zambiri izi sizichitika chifukwa thupi lili ndi njira zodziziziritsira. Mitsempha ya pakhungu imatseguka kuti magazi otentha afike kunja, ndipo timatuluka thukuta. Galamu imodzi ya thukuta ikasanduka nthunzi imachotsa majoule pafupifupi 2,400. Kuti muchotse ma watt 300 aja, pakufunika galamu imodzi pa masekondi 8 aliwonse, pafupifupi theka la lita pa ola. Koma mawu ofunika apa ndi akuti ikasanduka nthunzi. Pakati pa chikhamu chothinana, mpweya uli chinyontho chokhachokha, thukuta limangoyenderera osauma, ndipo thukuta loyenderera siliziziritsa. Kumbukiraninso kuti Disembala ndi Januwale ku Sydney ndi nyengo yotentha kwambiri.

MDMA imawononga dongosolo lonseli. Imawonjezera kutentha komwe thupi likupanga, imapanikiza mitsempha ya pakhungu, ndipo imabisa kutopa komwe kukanamuuza munthu kuti akhale pansi. Ndiye wina angati, basi angomwa madzi ambiri. Ayi, pamenepo palinso msampha. MDMA imachititsa thupi kusunga madzi, moti womwa malita ambiri nthawi imodzi amasungunula mchere wa m'magazi, ubongo n'kutupa. Anthu afa ndi zimenezinso.

Mwaona tsopano? Zonsezi makina sanganene, koma munthu wokhala pafupi ndi makinawo anganene. Kwa achinyamata ambiri, kukambirana kwa m'tenti kumakhala koyamba m'moyo mwawo kulankhula ndi wazaumoyo za mankhwalawa mosabisa. Makina ndi amene amawakoka kuti alowe. Phindu lalikulu limabwera pa mphindi zochepa zokambirana zija, pamene wina amamuuza kuti mnzako akayamba kutentha thupi, kusokonekera kapena kuuma nsagwada ndi miyendo, usamugoneke pakona kuti apume, thamanga naye kwa achipatala.

Tiyezenso galu

Tsopano tiike galu pa sikelo yomweyo. Mphuno ya galu ndi yodabwitsa, palibe wotsutsa. Koma funso la sayansi ndi ili: galu akakhala pansi pafupi ndi munthu, kusonyeza kuti wanunkhiza kanthu, ndi kangati pamene mankhwala amapezekadi?

Mu 2006 ofesi ya Ombudsman ya New South Wales inatulutsa lipoti itafufuza ntchito ya agaluwa kwa zaka ziwiri. Pa anthu oposa 10,000 omwe galu anawaloza, mankhwala anapezeka pa anthu pafupifupi 26 mwa 100 aliwonse, ndipo kawirikawiri chinali chamba chochepa. Milandu yogulitsa mankhwala imene inatheka kukhoti kuchokera pa ntchito yonseyi inali 19 yokha. Ikani anthu 100 pamzere, onse olozedwa ndi galu. Anthu 74 asechedwa osapezeka ndi kanthu. Apolisi amayankha kuti galu amamva fungo lotsalira, mwina munthuyo anagwira mankhwala dzulo kapena anaima pafupi ndi wosuta. Zingakhale zoona, koma yankho limeneli likungotsimikiza vutolo. Chidacho chikuyeza fungo, pamene ife tikufuna kudziwa zimene zili m'thumba.

Pali vuto linanso, lomwe ophunzira fizikisi mukulidziwa. Mukaviika themometa yozizira yaikulu mu kamadzi kotentha kochepa, themometayo imaziziritsa madziwo, n'kusintha chimene mumafuna kuyeza. Agalu pa chipata amasintha khalidwe la anthu pamzere. Ena akaona apolisi amameza mibulu yawo yonse nthawi imodzi kuti asagwidwe nayo. Ena amamweratu asanafike. Pa kafukufuku wa imfa zija panaperekedwa umboni woti mtsikana wina wa zaka 19 anamwa mibulu yake asanalowe chifukwa choopa kugwidwa. Njira imene inaikidwa kuti iteteze inakankhira munthu ku mlingo woopsa.

Ufulu pa chipata

Galu akaloza munthu, chotsatira ndi chipikisheni, ndipo nthawi zina chipikisheni chovula zovala. Apa ndi pomwe sayansi ikukumana ndi malamulo.

Lamulo la New South Wales la 2002 lokhudza mphamvu za apolisi limati wapolisi angavule munthu kunja kwa polisi pokhapokha nkhaniyo ili yaikulu ndi yachangu moti palibe njira ina. Mwana wosakwana zaka 10 savulidwa n'komwe. Wa zaka 10 mpaka 17 ayenera kukhala ndi kholo, womulera kapena wamkulu wina womuimirira, kupatula ngati kudikira kungaike munthu pangozi kapena kuchititsa kuti umboni uwonongedwe. Chipikisheni chichitikire pobisika, ndipo wosecha akhale mwamuna kwa mwamuna, mkazi kwa mkazi.

Papepala zili bwino. Koma mu 2018, pa chikondwerero cha Splendour in the Grass pafupi ndi Byron Bay, mtsikana wa zaka 16 analozedwa ndi galu, anapatulidwa kwa anzake, n'kuuzidwa kuti avule zovala zonse. Panalibe kholo kapena wamkulu womuimirira. Sanamupeze ndi kanthu. Bungwe loyang'anira khalidwe la apolisi m'chigawocho, Law Enforcement Conduct Commission, litafufuza linapeza kuti chipikisheni chimenecho chinali chosemphana ndi lamulo. Zaka 16 ndi msinkhu wa ambiri a inu a Fomu 2 ndi Fomu 3. Mu 2025 khoti lalikulu la New South Wales linalamula kuti mayi wina amene anavulidwa mosatsata lamulo pa chikondwerero chomwecho apatsidwe chipukuta misozi cha madola a ku Australia 93,000, pa mlandu womwe anatsogolera m'malo mwa anthu ena ambiri.

Mu Novembala 2019, woweruza wofufuza za imfa, Harriet Grahame, atamva mboni zonse pa imfa za achinyamata asanu ndi mmodzi aja, analangiza boma kuti lilole kuyeza mibulu moyang'aniridwa ndi achipatala, lichotse agalu onunkhiza pa zikondwerero, ndipo lichepetse kwambiri kuvula anthu. Mtsogoleri wa boma la chigawocho pa nthawiyo, Gladys Berejiklian, anakana zoyeza mibulu. Anavomera mabini otayiramo okha. Panadutsa zaka zoposa zisanu kuti New South Wales iyambe kuyesa ntchitoyi pa zikondwerero, mu 2025.

Tentiyo nayo imafuna lamulo kuti iime. Taganizani: wolowa m'tenti wanyamula chinthu choletsedwa, katswiri wochilandira wachigwira m'manja, mwini chikondwerero walola kuti chilowe pamalo pake. Onse atatu akhoza kuzengedwa mlandu. Ku New Zealand, gulu la anthu odzipereka la KnowYourStuffNZ linagwira ntchitoyi kwa zaka mosaonekera kwenikweni, chifukwa eni zikondwerero ankaopa lamulo loletsa kulola malo ako kugwiritsidwa ntchito pa mankhwala oletsedwa. Nyumba ya malamulo inasintha zimenezi mongoyembekezera mu 2020, n'kukhazikitsa lamulo lokhalitsa mu 2021. Dziwani kuti sanalole mankhwalawo. Kupezeka nawo ndi mlandu mpaka lero. Chimene analola ndi kuwayeza. Ku Canberra nako, kuyambira 2022 kuli malo okhazikika otchedwa CanTEST, otsegula sabata iliyonse osadikira chikondwerero.

Kodi si kulimbikitsa khalidwe loipa?

Funso limeneli ndi la makolo ambiri, ndipo si lopusa. Kholo likuti: boma likaika tenti, mwana wanga amva kuti boma lavomereza. Ndimalimvetsa. Inenso sindifuna wophunzira wanga aliyense akhudze zinthu zimenezi.

Koma tiyang'ane amene amalowa m'tenti. Ndi munthu amene wagula kale, walipira kale, wadutsa kale chipata ndi agalu ake. Ulaliki wakusukulu, chenjezo la makolo ndi mantha a apolisi zonse zamulephera. Popanda tenti, ameza chimene ali nacho osadziwa kuti ndi chiyani. Ndi tenti, pali mwayi woti ataye, achepetse, kapena adziwe nthawi yothamangira kuchipatala. Sindikuona njira imene kusadziwa kungamutetezere kuposa kudziwa. Safunsa anadya phula.

Umboni wa tentiwu uli ndi malire ake. Simungagawe chikondwerero pawiri ngati mbewu za mu eksiperimenti, theka n'kuliyezera, theka n'kulisiya kuti muwerenge maliro. Olowa m'tenti mwina ndi anthu osamala kale. Wonena kuti ataya akhoza kusintha maganizo akatuluka. Zonsezi ndi zoona. Koma sikelo ikhale imodzi. Ngati tikufuna umboni wolimba kuchokera ku tenti, tiufunenso kuchokera kwa galu. Tenti ili ndi mibulu yoopsa imene inatayidwa mu bini ndi machenjezo amene anafika kwa anthu nthawi isanathe. Galu ali ndi anthu 74 pa 100 osechedwa popanda kanthu, ana ovulidwa mosatsata lamulo, ndi anthu omeza mibulu chifukwa cha mantha. Wophunzira atandibweretsera zotsatira ziwirizi n'kusankha galu, ndingamupemphe kuti andionetse mawerengedwe ake.

Izi sizikutanthauza kuti apolisi achoke. Pali wogulitsa amene akudinda PMMA n'kumati ndi chinthu china, podziwa kuti apha mwana wa eni. Ameneyo ndiye wofunika mphamvu zonse za apolisi. Mwana wa zaka 16 woima pamzere ndi tikiti yake si ameneyo.

Zoti mutengepo

Musasokoneze mayiko. Zomwe ndafotokozazi ndi malamulo a Australia ndi New Zealand, ndipo sakutetezani ku Malawi. Kuno kupezeka ndi mankhwala ozunguza bongo, kuphatikizapo chamba chosuta, ndi mlandu umene ungakuthereni sukulu. Koma ufulu pamaso pa wapolisi uliponso kuno, ndipo ndi wa aliyense, wolakwa ndi wosalakwa yemwe. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chomwe amamva, ali ndi ufulu wokhala chete ndi wolankhula ndi loya, ndipo aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Wosakwana zaka 18 ndi mwana pamaso pa lamulo. Sayenera kusungidwa pamodzi ndi akuluakulu, ndipo makolo kapena omulera ayenera kudziwitsidwa. Ikakugwerani, musalimbane, musathawe, musatukwane. Nenani zaka zanu, funsani mwaulemu chifukwa chake, pemphani kuti aitane kholo lanu, ndipo sungani m'mutu nthawi, malo ndi amene analipo. Dandaulo limapita pambuyo pake, kwa akuluakulu oyenera.

China ndi ichi. Ngati makina a daimondi ndi infrared, oyendetsedwa ndi katswiri, sangatsimikize kuti m'bulu ndi wosaopsa, ndiye kuti diso lanu, lilime lanu ndi mawu a mnzanu akuti "ndamwapo, ndi zabwinobwino" sizingatsimikize chilichonse. Izi ndi zoona pa m'bulu wopanda dzina, pa ufa wa m'kapepala, ngakhale pa mowa wa m'botolo lopanda lebulo. Methanol ndi ethanol zimaoneka ngati madzi zonse, koma methanol imachititsa khungu ndi kupha.

Ndipo mnzanu akakomoka, akatentha thupi modabwitsa kapena akayamba kubwebweta atamwa chinthu, itanani wamkulu ndipo mupite naye kuchipatala nthawi yomweyo. Muwauze achipatala chilungamo cha zimene wamwa. Kuopa kukalipidwa kwatayitsa miyoyo yambiri. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kumbukirani masamu aja: mphindi 12 pa digiri iliyonse.

Ntchito yoti muchite sabata ino ili pawiri. Yoyamba, bwerezani mawerengedwe a kutentha kwa mnyamata wolemera makilogalamu 50 amene thupi lake likusunga ma watt 400, ndipo mupeze mphindi zimene zingamutengere kuchoka pa madigiri 37 kufika pa 41. Yachiwiri, chikondwerero china chili ndi anthu 500 olozedwa ndi galu. Pogwiritsa ntchito chiwerengero cha lipoti la 2006, ndi angati amene angasechedwe osapezeka ndi kanthu? Mukapeza yankho, lembani ndime imodzi yonena ngati inu, mutakhala nduna, mungapitirize kugwiritsa ntchito chida chimenecho, ndipo mupereke zifukwa zanu. Amene akutsutsana nane alembe molimba mtima, bola abwere ndi manambala.